Usasirire Khanda Losalira

Esnart mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili kuntchito, pa tebulo lositirapo zovala, nthawi yopuma masana. Alendo onse abisala m'zipinda zawo chifukwa cha dzuwa, nsalu za pabedi ndayanika, ndipo anzanga agona pamthunzi kuseri kwa khitchini. Mwina udabwa kuti munthu amene mugona naye nyumba imodzi usiku uno akukulemberanji kalata ngati uli ku Lusaka. Masiku ano ndikamalankhula nawe umangoti "inde amayi, inde amayi," koma maso ali lende ndi tulo, makutu ali kwa mwana. Sindikukunena. Mkazi amene wachira masabata awiri apitawo sasunga mawu a pakamwa. A papepala adzakudikira mpaka tsiku limene udzawafune.

Mawa m'mawa galimoto yonyamula ufa ndi nyemba za masikauti olondera nyama zakutchire ikutenga iwe ndi Yamikani kupita kukampu kumene amuna ako, a Bornface, akugwira ntchito, mkati mwa tchire la Lupande. Ukudziwa kuti sindinafune upite msanga chonchi. Kwathu kuno mwana wamkazi akabereka koyamba amakhala ndi amayi ake mpaka msana utalimba, ndipo akamapita amaperekezedwa. Ine ndalephera zonse ziwiri. Kuno ku loji ya Nkwali alendo odzaona nyama akadali ambiri, sangandimasule mpaka mvula itayamba, ndipo mvula ikayamba msewu wa kwanuko umafa. Iwenso unanena zoona Lamlungu lija tinakangana, kuti ukaphonya galimoto iyi Yamikani adzayamba kukhala pansi atate ake asanamunyamulepo kawiri. Nkhaniyo inatha, sindiibwerezanso. Pita, koma umve izi.

Dzulo Yamikani anayamba kuyamwa cha m'ma 17 awazi, dzuwa litapendeka. Amayamwa, kusiya, kulira, kufunanso bere, mpaka tinadya mdima utagwa iye akadali pachifuwa pako. Unalira. Unati, "Amayi, mkaka wanga ndi wochepa, mwanayu sakukhuta." Kenaka unanena mawu amene sakundichoka m'mutu: "Bwenzi akanakhala ngati makanda a anzathu, ogona usiku wonse osavutitsa." Sindinakuyankhe. Ndinatuluka panja ngati ndikukatsekera nkhuku, pamene nkhuku zinali zitatsekeredwa kale. Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndikuopseza. Ndikuyankha tsopano.

Umadziwa kuti unali ndi mlongo wako wamkulu, Josefe, ndipo umadziwa pamene anagona, kumudzi kwa malemu atate ako kutsidya kwa mtsinje wa Lupande. Anabadwa mu Febuluwale, mvula ili pakati, ine ndili wamng'ono kuposa mmene ulili iwemu. Ndinachirira kunyumba. Azakhali a atate ako, amene anandithandiza, anandifinya mkaka woyamba uja wachikasu nkuutaya pansi, amvekere ndi wakuda, mwana asaulawe. Masiku awiri oyamba anangomupatsa timadzi pa supuni. Ndinangomvera, poti ndinali mlendo pakhomo la eni, ndipo iwo anali atalera ana ambiri. Iwe Yamikani unamuyamwitsa atangobadwa, anesi ali pomwepo. Ndinaona, ndipo ndinathokoza Mulungu chamumtima.

Josefe anali mwana wofatsa. Ankagona kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuyamwa pang'ono, kugonanso. Usiku sankadzutsa munthu. Amayi a m'mudzi akabwera kudzaona mwana ankandiyamikira. "Wachita mwayi, mtsikana iwe," ankatero. "Ena timabereka ana olira ngati mbuzi yomangidwa, iwe wabereka wodziwa ulemu." Ndinkanyada. Tsiku lina mawere atalimba gwa mpaka kuwawa, ndinafuna kumudzutsa. Atate ako anandigwira dzanja nati, "Musiye. Tulo nachonso ndi chakudya cha mwana." Sananene mwankhanza. Anamva chomwecho kwa akulu, nanenso ndinamva chomwecho. Ndinkakondweranso ndi chinthu china: matewera ochapa anali ochepa. Nthawi ya mvula nsalu siuma, ndiye ndinkati mwanayu akundimvera chisoni.

Sabata itatha, maso ake anasanduka achikasu, milomo inauma, liwombo linalowa m'kati. Akulu a pakhomo anamupaka mankhwala pamutu. Tinadikira tsiku lina lathunthu kuti mankhwalawo agwire. M'mawa mwake ndinamuika kubere, anakoka kawiri nkusiya, mutu nkugwera kumbali. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti kuja sikunali kufatsa. Tinanyamuka ndi atate ako, koma mtsinje unali utadzaza, ndipo mwini bwato anali kumunda. Tinakhala pagombe mpaka masana, ine nditamufungatira, ndikufinyira mkaka pamilomo yake. Tinafika kukiliniki dzuwa litapendeka.

Anesi amene tinawapeza anali mayi wamfupi, a Sakala. Anamuvundukula mwana, namuyang'ana m'maso, nandifunsa, "Anayamwa liti komaliza, kuyamwa kwenikweni?" Ndinati sindikukumbuka. "Lero wanyowetsa matewera angati?" Ndinati palibe. "Dzulo?" Ndinati mwina limodzi. Sanandikalipire. Anayesa zonse zimene akanatha, naitanitsa galimoto yoti itipititse kuchipatala chachikulu. Josefe sanaidikire. Tikumukulunga, anesi aja anakhala pansi pafupi nane nati, "Mayi, mwina anabadwa ndi matenda ena m'thupi, zimenezo sitingadziwe, ndipo musadziphe ndi maganizo. Koma Mulungu akadzakupatsani wina, mudzakumbukire kuti khanda likamagona osadzukira bere, si ulemu. Mphamvu yolirira imakhala itatha."

Ndiye Esnart, usasirire khanda losalira. Yamikani amadzuka yekha, amafuna bere, amakalipa ukachedwa. Umenewo ndi moyo. Mimba yake ndi kanthu kakang'ono, sikasunga zambiri, ndipo mkaka wa m'mawere suchedwa kugayika. Nchifukwa chake amayamwa pafupipafupi, usana ndi usiku womwe. Anesi amati ka eyiti mpaka ka twelofu kuchokera m'mawa kufika m'mawa wina, nthawi zina kupitirira. Usamuikire nthawi ndi wotchi ya pafoni. Umuyang'ane iyeyo. Akayamba kutembenuza mutu uku ndi uku, kutsegula kukamwa, kuyamwa zala, mpatse pomwepo, usadikire kulira, poti mwana wolira kale amavuta kugwira bere. Ndipo m'masabata oyambirira ano, akagona kupitirira maola atatu kapena anayi osayamwa, umudzutse. Umuvundukule, umusinthe thewera, umusisite kumapazi, umuike pachifuwa khungu ndi khungu. Wina akati musiye, umuyankhe mwaulemu, koma umudzutse. Akadzanenepa bwino kusikelo, anesi adzakuuza okha kuti tsopano ukhoza kumusiya agone.

Tsopano umve kulakwa kwanga kwachiwiri, kumene ndinalakwira iweyo. Unabadwa patapita zaka ziwiri, nthawi ngati inoyi, dzuwa la Okutobala likuotcha mpaka mbalame kuyasama m'mitengo. Tinali titasamukira tsidya lino. Ndinali ndi mantha osaneneka. Iwe sunali wofatsa ayi. Madzulo aliwonse unkachita zimene Yamikani anachita dzulo: kuyamwa, kusiya, kulira, kubwereranso. Patapita mwezi ndi kanthu mawere anga anafewa, sanalinso kulimba ngati poyamba, ndipo ndinati basi mkaka waphwa, mwana uyunso andithawa ndi njala. Ndinayamba kukumwetsa madzi a pachitsime, poganiza kuti ndi kutentha kotereku uli ndi ludzu. Kenaka ndinakuphikira kaphala kamadzimadzi. Ndinkachita mobisa, ngakhale atate ako sanadziwe. Pasanathe masiku ambiri unayamba kutsegula m'mimba, ndipo ndinapezeka ndikuthamanganso pa msewu womwe uja, mwana kumsana.

Ndinapeza anesi omwe aja, a Sakala. Anandizindikira. Atamva zimene ndinachita anapukusa mutu nati, "Poyamba munaopa kumudzutsa mwana, tsopano mwaopa bere lanu lomwe. Khalani apa." Anandikhazika pa benchi, nati ndikuyamwitse iwo akuona. Kenaka anati, "Tontholani, mvetserani." Ndinamva kakumeza kako, kamawu kakang'ono kapakhosi, kobwerezabwereza. "Akumeza chiyani ngati mkaka mulibe?" anatero. Ndinati koma mawere afewa. Anandifunsa kumene timatunga madzi mtsinje ukauma. Ndinati timafukula mumchenga. "Mukatunga nkusiya kadzenje kopanda kanthu, mumati madzi atha?" Ndinati ayi, amabwera ena. "Nanga kadzenje kosatungidwa?" Ndinati kamakwiririka. Anati, "Berenso ndi chimodzimodzi. Mwana akamayamwa kwambiri ndiye kuti akufukula." Tinagona kukiliniki mpaka unachira, ndipo kuchokera pamenepo sunalawenso china koma bere mpaka miyezi isanu ndi umodzi itakwana.

Choncho zimene zinachitika dzulo si chizindikiro cha njala. Makanda ambiri amatero madzulo, amayamwa mounjikiza, ndipo kawirikawiri pambuyo pake amagona kanthawi kotalikirako. Padzakhalanso masiku ena, mwina sabata ikubwerayi, mwina mwezi wamawa, pamene Yamikani adzafuna bere tsiku lonse ngati wayiwala kukhuta. Ndiye kuti akukula ndipo akuitanitsa mkaka wochuluka. Masiku awiri kapena atatu zimadutsa. Usadzathamangire mkaka wa m'chitini, madzi, tiyi kapena phala. Ndikubwereza za madzi, chifukwa kumene ukupitako kumatentha kuposa kuno, ndipo mtima udzakuuza kuti mwana ali ndi ludzu. Ludzu lake limathera kubere. Madziwo umwe ndiwe, uziike botolo pafupi nthawi zonse ukamayamwitsa. Uziphika chakudya chamadzulo dzuwa likadali m'mwamba, kuti nthawi yake yovutayo ikafika ukhale pansi opanda mphika pamoto.

Ukafuna kudziwa ngati akukhuta, usafinye bere kuti uone, ndipo usafunse anthu odutsa. Funsa matewera. Akamanyowetsa sikisi kapena kupitirira pa tsiku, mkodzo wake uli woyera osati wofiirira, akamachita chimbudzi chachikasu chofewa, ndipo akamasiya bere yekha manja atatambasuka, mwanayo akudya. Chimbudzi chofewacho usachiyese kutsegula m'mimba, ndi mmene chimakhalira cha mwana wa bere. Kukampu madzi ndi ovuta, ndikudziwa, ndipo tsiku lina udzatopa nako kuchapa. Tsiku limenelo udzayang'ane chingwe chodzaza matewera nkuthokoza. Ine ndimachapa nsalu za anthu osawadziwa chaka ndi chaka, koma palibe zochapa zimene zinandikondweretsa ngati zako, utachira.

China chimene ndaona: ukamamuika kubere lakumanzere umaluma mlomo. Sunandiuze, koma ndaona. Kuyamwitsa sikuyenera kupweteka mpaka kuluma mlomo. Yamikani akugwira nsonga yokha. Udikire ayasamule kwambiri, umubweretse iyeyo kubere, osati iwe kuweramira kwa iye, mimba yake igundane ndi yako, chibwano chikhudze bere, ndipo mbali yaikulu ya pakuda paja ilowe m'kamwa. Akagwira molakwika, lowetsa kachala koyera pambali pa mlomo, umuchotse, muyambirenso. Umusiye amalize bere limodzi asanapite kwina. Usiku uno tikamaliza kudya ndikuonetsanso kamodzi, ngati ungandilole.

Kulakwa kwachitatu ndi kwa tulo, ndipo kunachitika pa mng'ono wako wamwamuna, mlongo wako Gift. Anabadwa mu Juni, kukuzizira. Chaka chimenecho njovu zinkabwera kudzaphwanya nkhokwe, ndipo atate ako ankachezera panja ndi amuna anzawo, kuimba zitini ndi kusonkha moto. Masana ine ndinkakana kugona. Ndinkaopa kuti anthu anena kuti mkazi wa apa ndi waulesi, ndiye mwana akagona ndinkasesa, kusinja, kuchapa. Usiku wina Gift atadzuka, ndinati ndisagone naye pamphasa kuti ndingamugonere, ndinakhala pa mpando pafupi ndi mbaula nkumuyamwitsa. Sindikudziwa kuti tulo tinandiba nthawi yanji. Ndinadzidzimuka atate ako akundigwedeza phewa. Mwana anali atatsetsereka, nkhope itakanirira pamimba panga m'kati mwa chitenje, kaphazi kali pafupi ndi mbaula. Atate ako anamutola, namuyang'ana, mwana nkuyetsemula. Sanapse, sanavulale. Kenaka atate ako anati, "Kuyambira mawa pabwalo pazikhala zinyalala. Wofuna kunena anene."

Ndiye iwenso pabwalo pazikhala zinyalala. Khanda limagona maola ambiri ukawaphatikiza, koma limagona modukizadukiza, ola limodzi, awiri, mwina atatu. Silidziwa kuti uku ndi usiku, uku ndi usana. Yamikani panopa amagona bwino masana nkumachezera usiku, ndipo si kuti walodzedwa kapena akuchita dala. M'mimba munalibe dzuwa. Zimasintha pang'onopang'ono, pakapita mwezi umodzi kapena iwiri. Ungamuthandize chonchi: masana azikhala powala, pamthunzi wa pakhonde, anthu azilankhula monga mwa nthawi zonse. Usiku usayatse tochi yowala kumaso kwake, usamuseweretse, uyamwitse mwakachetechete nkumubwezera pogona. Koma usayembekeze kuti agona mpaka kucha. Iwe sunatero mpaka utayamba kukwawa. Tulo tako uzitole masana, iye akagona nawenso gona, ngakhale anthu akuone.

Pomugoneka, umugoneke chagada nthawi zonse, osati chafufumimba, ngakhale wina anene kuti chagada atsamwa. Pogona pakhale polimba, popanda pilo, popanda bulangete lofika kumaso, ndipo m'kati mwa neti, poti udzudzu wa kumeneko ukuudziwa. Kunja kukutentha chonchi, kansalu kamodzi kakwana, usamukutire ngati tili mu Juni. Ukaona kuti tulo tikukugonjetsa ukuyamwitsa, usakhale pa mpando monga ndinachitira ine. Bola ugone chammbali pamatiresi, zofunda zili kutali ndi iye, ndipo akamaliza umubwezere pamalo pake chagada. A Bornface akabwera kuchokera kutchire atayenda masiku ambiri, amagona ngati chipika. Usiku umenewo, kapena tsiku limene alawako mowa, asagone pafupi ndi mwana. Uwauze masana, muli awiri, ndi mawu ofewa. Anzawo osuta fodya azisutira kutali ndi khomo lako.

Udziwenso kuti makanda sagona mwakachetechete. Amabuula, amagwedeza manja, amakwinya nkhope, nthawi zina kulira kamodzi maso ali chitsekere. Ndakuona ukudumpha nkumunyamula akangoti kwee, ndipo mwanayo nkudzukadi pamene anali m'tulo. Dikira pang'ono, umuyang'ane. Ngati akufuna bere udzaona kukamwa kukufunafuna. Ngati ayi, abwerera yekha m'tulo. Mwina uti amayi akudzitsutsa, uku akuti umudzutse, uku akuti umusiye. Sindikudzitsutsa. Mwana amene wayamwa bwino posachedwa nkumabuula m'tulo, musiye. Mwana amene wagona nthawi yaitali osayamwa, ali zii, mudzutse. Masiku ochepa okha udzayamba kusiyanitsa wekha, kuposa mmene ine ndingalembere.

Za amuna ako ndinenepo pang'ono. Ndi munthu wabwino, koma sanakhalepo ndi khanda m'nyumba. Adzaima pakhomo osadziwa poika manja, ndipo iwe chifukwa cha kutopa udzawaona ngati sakusamala. Ine ndinawakalipirapo atate ako pa nthawi yako, ndinati, "Mungoyang'ana ngati mlendo, mwanayu ndi wanga ndekha?" Anatuluka panja. Usiku womwewo ndinadzuka nkuwapeza atagwada pambali pako, chala chili pafupi ndi mphuno yako, akumvetsera ngati ukupuma. Anandiuza kuti amatero usiku uliwonse ine ndikagona. Kuyambira imfa ya Josefe sananenenso mawu akuti musiye, koma ankaopa kukunyamula, ankati manja awo alibe mwayi. Ndinakutenga nkukuika paphewa pawo kuti ugeye. Kuyambira tsiku limenelo, madzulo ukamaliza kuyamwa ankakuzungulitsa pabwalo mpaka ugone. Ndiye usadikire kuti a Bornface alote zimene ukufuna. Uwauze kuti tungani madzi, gwirani mwana ndisambe, muikeni paphewa. Adzachita.

Kukampuko udzapeza akazi a masikauti ena, ochokera mbali zosiyanasiyana, aliyense ndi nzeru za kwawo. Uziwapatsa moni, mwadzuka bwanji m'mawa, mwaswera bwanji madzulo, osatopa, poti amuna akapita kutchire iwowo ndiwo abale ako. Akakubweretsera nkhuni landira, akafuna kukunyamulira mwana kuti ugone, apatse. Adzakuuzanso zambiri: kuti mwana akulira chifukwa mkaka wako ndi wamadzi, kuti umumwetse mankhwala otsuka m'mimba, kuti liwombo likufuna kupakidwa. Usakangane nawo. Uziti, "Zikomo amayi, ndamva." Koma m'kamwa mwa Yamikani musalowe kanthu kena koma bere ndi mankhwala ochokera kukiliniki. Ine ndinaopa kuoneka wamwano pakhomo la eni. Iwe ukasankha pakati pa kutchedwa wamwano ndi kumvera zimene mtima wako ukukana, ulole akutche wamwano.

Tsopano chimene chikundilemera kwambiri. Kumene ukupitako kiliniki ili kutali, ndipo mvula ikubwera. Tsiku lomwe ufike, usanamasule katundu yense, ukhale pansi ndi amuna ako ndi akulu a pakampu, mugwirizane: mwana akadwala a Bornface ali kutchire, akunyamula ndani, pa njinga yamoto ya yani, mudzadutsa njira iti mitsinje ikadzaza. Ufunsenso tsiku limene a sikelo amafika kufupi ndi kumeneko, ndipo usaliphonye. Ife tinayamba kufunafuna mwini bwato mwana ali kale m'manja. Zimenezi zimakambidwa mwana ali bwino.

Ndipo ukaona chimodzi mwa izi, usadikire kuti kuche, usadikire kuti amuna ako abwere, usayese kaye mankhwala a munthu: akakana bere kawiri motsatizana kapena akalephera kukoka, akavuta kudzuka ngakhale wamuvundukula, thupi likatentha kapena kuzizira, akamapuma mothamanga kapena chifuwa chikamalowa m'kati, maso ndi zikhatho zikachita chikasu, matewera akauma, pamchombo pakafiira kapena kununkha, kapena akakomoka. Nyamuka. Uziyamwitsa m'njira ngati akulola. Ukakafika anesi nkukuuza kuti palibe vuto, usachite manyazi, ndipo wina akakuseka kuti unathamanga pachabe, umusiye aseke. Ulendo wopita pachabe ndi wabwino, umabwerera mwana ali kumsana.

Iwenso udziyang'anire, poti mwana amadya mwa iwe. Idya, ngakhale ndiwo zikhale nyemba tsiku ndi tsiku. Ndakuikira nsinjiro, nsomba zouma ndi mfutso m'thumba lobiriwira lija. Bere likatupa nkufiira, thupi nkutentha, usasiye kuyamwitsa, koma upite kukiliniki. Magazi akachuluka kapena akayamba kununkha, chimodzimodzi. Kulira kumene ukulira masiku ano kumachitika kwa ambiri, nanenso ndinalira. Koma kukapitirira, ukamadzuka m'mawa osafuna kuona munthu, ngakhale mwana yemwe, usabise poopa kuti anena kuti ndiwe mayi woipa. Uuze amuna ako, uuze anesi, undiuze ine.

Anzanga adzuka, ndikumva akutunga madzi, ndipo nsalu zija zauma. Ndiyenera kuyatsa makala a simbi. Ndinena mwachidule zotsala.

Sindinakuuze kuti masabata awiri awa wachita bwino. Ndakhala ndikukukonza pa ichi ndi icho, gwira chonchi, usamufunditse chotero, mpaka mwina ukuganiza kuti ndikukuona ngati wolephera. Ayi. Mwana wabwezeretsa thupi limene anataya atangobadwa, masaya ayamba kudzaza, ndipo zonsezo zachokera mwa iwe, palibe wina anamudyetsapo. Ine pa msinkhu wako sindinkadziwa theka la zimene ukudziwa. Ndimakukonza chifukwa ndili ndi mantha anga akale, ndipo mantha amenewo si ako, usawanyamule. Utenge nzeru zokha.

Mawa sindidzakhalapo galimoto ikamanyamuka. Alendo amadzuka usikusiku kupita kukaona nyama, ndipo ine ndiyenera kukhala pano 5 koloko isanakwane. Mwina nkwabwino, chifukwa ndikanalira pamsewu pamaso pa masikauti. Ndidzakusiya uli m'tulo ngati Yamikani adzakulole, ndipo kalatayi udzaipeza m'thumba la matewera. Tipemphera limodzi usiku uno. Mvula ikadzatha ndi msewu ukadzauma, ndidzabwera ndi galimoto yoyamba.

A Bornface anandiuza kuti kuseri kwa kampu kuli chulu chachitali pamene foni imagwira. Usamangokwerapo zinthu zikavuta basi. Uzikweranso tsiku wamba, Lamlungu masana, ukatha kudya. Upite naye mwana. Ndipo akayamba kulira tili pakati polankhula, usapepese, usadule foni, usafulumire kumutonthoza. Umuyandikize kaye pafoni pang'ono, ndimumve.

Mulungu akusungeni nonse atatu.

Ndine amayi ako,
Agnes